Chitofu cha Njerwa M'nyumba ya Ababa

Loweruka, mwezi wa Juni

Lero ndadzuka thupi lili lopepuka ngati la munthu amene watula mtolo. Ndisanatsegule maso ndinayamba ndatchera khutu kuchipinda kwa amayi, monga ndimachitira m'mawa uliwonse chibwerereni ku Joni. Kunali zii. Kenaka ndinawamva pakhonde akukalipira nkhuku, mawu akutuluka onse osadukiza ndi chifuwa. Ndinatambasula dzanja n'kugwira khoma la chitofu. Linali likadali lofunda ndi moto wa dzulo.

Lero ndilo tsiku limene amalume anati chitofuchi chigumulidwe. Ndikufuna ndilembe zonse ndisanaiwale, kuyambira kumene ndinakachiphunzira, chifukwa anzanga a m'kalasi akandifunsa kuti ku Joni ndinkatani ndimangoti ndinkagwira ntchito, basi.

Ababa anamwalira ndili Fomu 2. Chaka chimenecho nyanja yathu ya Chilwa inaphwa, mabwato anangokhala pamatope ngati ng'ombe zogona, ndipo mpunga sunachite. Za fizi panalibe amene ankazitchulanso. Mwana wa azakhali anga, amene anali kale ku Joni, anatumiza uthenga kuti pali banja likufuna wolera mwana. Amalume, alongo awo a amayi, ndiwo anavomera, poti mwini mbumba ndi iwo. Anandikweza panjinga mpaka pa Kachulu pokwerera minibasi, ndipo panjira anangondiuza kuti ndisamamwe madzi ambiri m'basi. Amayi anandimangira mpunga wophika ndi matemba m'kapoto. Ndinadya pang'onopang'ono mpaka titawoloka mlatho wa ku Tete. Kapotoko nditakamaliza ndi pomwe ndinalira.

Ntchito yolera mwana sinakhalitse. Banjalo linasamuka, ine n'kutsala ndi chikwama ndi pasipoti yomwe masiku ake anali atatha. Tsiku lina ndili m'golosale ndikudziyankhulira ndekha za mtengo wa shuga, bambo wina wa chipewa choyera anacheuka.

“Chinyanja chimenechi n'cha ku Zomba. Mwana wa yani iwe?”

Anali a Saidi, mmisiri womanga, kwawo kwa Kuntumanji. Atamva kuti ndine wa kwa Mwambo anaseka n'kunena kuti ndiye kuti tinamwa madzi amodzi amchere. Ankafuna munthu wophikira gulu lawo la omanga, ndipo sabata yomweyo ndinakwera nawo lole kupita kumafamu a m'malire a Lesotho.

Kuzizira kwa kumeneko sindidziwa kuti ndingakulembe bwanji. Kuno mwera ukawomba kuchokera kunyanja timati kwazizira. Kumeneko madzi a m'ndowa ankauma pamwamba, n'kumachita kuwaswa ndi chipande. Tinkagona m'shedi yomwe kale ankametera nkhosa, fungo lake silinkachoka m'zovala. Ndinkagona ndi mayi wina wa Chisutu dzina lake Palesa, amene ankasefa mchenga. Sitinkamvana chinenero koma tinaphatikiza mabulangete athu, ndipo zala zanga zitang'ambika ankazipaka mafuta a nkhosa akundikalipira m'chinenero chake. Dzina langa linamukanika, ankangonditchula Malawi. Galimoto yachilendo ikatulukira pamsewu wa kufamu ankaimba mluzu, ine n'kukabisala kuseri kwa mulu wa njerwa chifukwa cha pasipoti yakutha ija. Nthawi zambiri inkakhala ya ogula nkhosa. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kunyumba, ndipo amalume ankayankha pafoni mawu amodzimodzi: “Zafika. Onse ali bwino.”

Nyumba imene tinkagwirapo inali yakale kwambiri, yamiyala, pansi pake pa matabwa. Mwini wake anali gogo wachizungu amene anabadwira momwemo. Ankafuna chitofu cha njerwa chotenthetsa nyumba, koma sankafuna kuti nyumbayo ipwetekedwe. Tsiku loyamba a Saidi sanagwire chida chilichonse. Anangoyendayenda m'zipinda, kugogoda makoma, kuyatsa kapepala n'kuona kumene utsi ukulowera, n'kumafunsa gogoyo mafunso ambirimbiri: mumakhala pati m'mawa, mphaka amagona pati, zovala mumayanika kuti. Anyamata ankadandaula kuti tsiku likupita pachabe.

“Nyumba yakale ndi apongozi,” anatero a Saidi. “Sungofika n'kuyamba kusuntha mipando. Umayamba wafunsa.”

Ine ntchito yanga inali miphika, koma ndikamaliza ndinkaima pakhomo n'kumaonerera. Anazula matabwa apansi mosamala, anakumba mpaka kupeza nthaka yolimba, chifukwa chitofu chotere n'cholemera kuposa ngolo yodzaza. Tsiku lina mnyamata wonyika njerwa m'madzi anathawa ntchito, ndipo a Saidi anandikodola. Kuchoka pamenepo ndinayamba kuponda dothi. Simenti saifuna pafupi ndi moto, imang'ambika, amafuna dothi losakaniza ndi mchenga ngati lomwe timamatira kuno. Pofika pomanga tinjira ta m'kati momwe utsi umazungulira, manja a amuna aja sankalowamo bwino, ndiye ankaitana ine kuti ndisalaze.

Nzeru yake ndi iyi. Moto umayaka mwamphamvu kwa kanthawi kochepa. Utsi sutuluka msanga, umayenda m'tinjira tija, kukwera ndi kutsika, njerwa zikumwa kutentha kwake, kenaka umatulukira kuchumuni utazirala. Moto ukazima njerwa zimabweza kutentha kuja pang'onopang'ono mpaka kucha. A Saidi ankayesa ntchito yawo pokwera padenga n'kuika dzanja pakamwa pa chumuni. Ankati dzanja likapsa ndiye kuti ukuwothetsa mbalame. Likangomva kufunda ngati mpweya wa ng'ombe, chitofu chadya bwino.

Tinamanga zitofu zingapo m'mafamu a kumeneko. Mwezi wa Ramazani a Saidi ankagwira ntchito tsiku lonse m'chisanu muja osalawa kanthu, ndipo dzuwa likamalowa ndinkawaphikira phala la mpunga ngati la kwathu. Akamaliza kumwa ankanena kuti, “Mpunga wa kuno ulibe fungo, mwanangu. Koma wayesetsa.”

Kenaka tsiku lina amalume anasintha mawu aja. Anati, “Zafika. Koma mayi ako chifuwa chawavuta.” Ndinadziwa kuti amalume akafika ponena choncho ndiye kuti zavutadi. Ponyamuka, Palesa anandipatsa bulangete lake limodzi, a Saidi anandipatsa mpeni womangira ndi levulo yawo yakale yopimira kuwongoka kwa khoma.

Anthu kuno ankayembekeza kuti nditsika ndi malata ndi wailesi yakanema. Atawona levulo anayang'anana. Mng'ono wanga Esinati, amene ndinamusiya akusewera fulaye, ndinamupeza ali pabanja ku Kachulu, mwana kumsana, ndipo anandipatsa moni wa manja awiri ngati mlendo. Amayi anali atatha thupi. Mankhwala a chifuwa chachikulu anali atamaliza kumwa, koma akayenda kuchoka pachitsime ankapuma kawiri panjira. Anamwino a kuchipatala anandiuza mosabisa kuti matenda anatha koma mapapo anatsala ofooka, ndipo mdani wawo tsopano ndi utsi.

Utsi ndiye unali wosathawika. Nyumba yathu anamanga ababa ndi manja awo, ya zidina, denga la udzu. Nyengo yozizira amayi amaphikira m'nyumba pamafuwa, n'kusiya chikuni chikunyeka kuti afunde. Denga lonse m'kati ndi lakuda bii ndi mwaye. Nditawauza kuti aziphikira panja anati ndikufuna afe ndi mphepo m'malo mwa utsi. Zosamuka m'nyumba ya ababa ndiye sindinayerekeze n'komwe kutchula.

Ndinabwerera kusukulu, Fomu 3, ndili wamkulu kuposa onse m'kalasi. Holide yapitayi ndi pomwe ndinayamba chitofu. Njerwa zootcha ndinagula zotsala pauvuni wa munthu wina, dothi ndinakumba pachulu, mchenga kumtsinje. Nthaka yathu ndi ya makande, dzinja imafufuma, chilimwe imang'ambika, ndiye ndinakumba pansi pabalaza mpaka m'mawondo n'kuthiramo miyala. Ndinachimanga chaching'ono kuposa za ku Joni, ndi malo a miphika iwiri pamwamba, ndi kabenchi kofunda m'mbali kotsamira khoma la chipinda cha amayi. Chumuni sindinafune idutse mu udzu, ndinaopa moto, choncho ndinaboola khoma lakumbuyo kuti ikwerere panja mpaka kupitirira denga. Tsiku loboolalo amayi anapita kudambo m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Anayang'ana bowolo. Anangotola mafuwa awo atatu n'kuwaika kuseri kwa chitseko.

“Akhale pompa,” anatero. “Sitidziwa.”

Amalume ankabwera tsiku lililonse kudzaonerera, manja kumbuyo.

“Anzathu ana awo akapita ku Joni amabwera ndi njinga yamoto. Wathuyu wabwera ndi chulu. Achemwali, mvula ikagwa muzitiitana tidzagwire ngumbi pabalaza.”

Amayi ankaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumangoponda dothi langa.

Chitofu chatsopano sachiyatsa moto waukulu, chimang'ambika. Ndinachiumitsa ndi timoto ta mapesi m'mawa ndi madzulo, ndipo utsi unkakwera bwinobwino kuchumuni. Ana a m'mudzi ankaima kuseri n'kumaloza. Lachitatu lapitali ndinaona kuti chauma. Ndinabwera kuchokera kusukulu ndikuthamanga, ndinadzaza mitengo ya nandolo, ndinaitana amayi kuti akhale pakabenchi, n'kuyatsa.

Utsi unabwerera wonse. Unatuluka pakhomo la moto, m'mbali mwa miphika, paliponse, wakuda, wochuluka kuposa wa mafuwa. Amayi anayamba kutsokomola osalekeza. Ndinawakokera panja, anagwada pansi pa mtengo wa mango akufunafuna mpweya, maso ali psuu, milomo itasintha mtundu. Ndinkawasisita pamsana ndikupemphera mawu osamveka. Anthu anasonkhana. Patapita nthawi mpweya unabwerera, koma tsiku limenelo anakagona kwa amalume.

Lachinayi ndinayesanso ndili ndekha. Chimodzimodzi. Ndinatsegula timabowo tochotsera mwaye, ndinalowetsa dzanja m'tinjira tonse, munalibe chotseka. Amalume anandipeza nditakhala pansi, nkhope yonse mwaye. Nthabwala zinali zitatha.

“Iwe, mlongo wanga ndi mmodzi yekhayu. Mankhwala amaliza movutikira, sindilola kuti aphedwe ndi zoyeserera. Loweruka ndibwera ndi piki. Bowolo timata, mafuwa abwerere pamalo pake.”

Sanalakwe. Koma ndinkadziwa kuti mafuwa akabwerera, chifuwa chija chiziwadya amayi pang'onopang'ono chaka ndi chaka, popanda anthu kusonkhana.

Dzulo sindinamve chilichonse m'kalasi. Nthawi yopuma ndinabwereka foni ya mnzanga n'kuimbira a Saidi. Ndinawafotokozera zonse mofulumira poopa mayunitsi, kukula kwa khomo la moto, kutalika kwa chumuni, tinjira. Anamvetsera, kumbuyo kukumveka wilibala.

“Poumitsa chinkakoka?”

“Chinkakoka bwinobwino.”

“Ndiye kumanga wamanga bwino. Apongozi unawafunsa?”

“Apongozi ati, a Saidi? Ndi nyumba yomwe ndinabadwiramo.”

“Ndiye yovuta imeneyo. Utsi unauthamangitsawo unkagwira ntchito yanji m'nyumbamo? Kapena ukuganiza unkangokhala ngati mlamu wosalima?”

Foni inaduka. Ndinapempha aphunzitsi kuti ndipite kunyumba, ndinalowa pabalaza n'kuyang'ana kudenga. Chibadwire changa, pamtanda wa pamwamba pa mafuwa pamalendewera mitolo ya chimanga chambewu, chomangidwa ndi makoko ake, chakuda ndi mwaye. N'chimanga cha makolo, chimene agogo awo a amayi anabwera nacho kuchokera kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, ndipo amayi sadzala china m'munda wa kuseri. Utsi ndiwo umachiteteza kwa anankafumbwe. Pamtandapo panali zingwe zokhazokha.

Ndinawapeza amayi kwa amalume akupeta mpunga.

“Amayi, mbewu mwaichotsa?”

“Ee. Ndinaona kafumbwe kamodzi kakuyenda pachisononkho. Masabata onsewa m'nyumba mulibe utsi.”

“Mwaiika kuti?”

Anandiyang'ana ngati ndafunsa kumene dzuwa limatulukira.

“Mbewu imakhala kumene kuli utsi. Utsiwo iwe waupititsa kuti?”

Amalume anali pampando akusoka ukonde. Anasiya singano.

“Ndinakwera ndine Lachitatu m'mawa, iwe uli kusukulu. Ndinamanga mitoloyo pandodo n'kuitsitsira m'kati mwa chumuni chakocho, bwinobwino. Pamwamba ndinavindikira chiguduli kuopa makoswe ndi mbalame.”

“Amalume, mwatseka mphuno ya chitofu.”

“Ndatseka chiyani? Utsi umadutsa denga lonse la udzu, lochindikala chonchi, tsiku ndi tsiku. Ndiye ukanike chimanga ndi chiguduli chobooka?”

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira. Sanabise kanthu, sanaone n'komwe kuti pali chonena. Ndipo ine, amene ndinapima njerwa iliyonse ndi levulo, masabata onsewo sindinakweze maso kuyang'ana pamtanda.

Tinapita tonse atatu. Amalume anakwera okha pamakwerero, akung'ung'udza kuti mwana wamkazi sakwera padenga anthu akuona, ngakhale chumuniyo anandiona ndikuimanga. Anachotsa chiguduli, anasolola ndodo, mitolo ya chimanga inatuluka motsatizana, yothinana ngati matemba m'dengu. Amayi anailandira m'chitenje n'kumaipukuta umodziumodzi.

Ndinawapempha kuti aime panja. Ndinayatsa kaudzu kaye m'kabowo ka pansi pa chumuni kuti mpweya wozizira ukwere, kenaka ndinayatsa mitengo ya nandolo. Lawi linagwada n'kulowera m'kati ngati likukokedwa ndi chingwe. Chitofu chinayamba kulira pansipansi, kulira komwe ndinkakumva m'nyumba yamiyala ija. M'nyumba munalibe utsi ngakhale wa fodya. Ndinakhala pansi pomwepo.

Amayi anasuzumira pakhomo, ananunkhiza, analowa. Anatereka madzi a tiyi, anakhala pakabenchi, msana kukhoma. Patapita kanthawi anati, “Kakufunda.” Amalume anayendayenda, anagwira apa, anagwira apo, anatuluka kukayang'ana kuchumuni, anabweranso.

“Ndiye bwenzi utanena kuti chulu chako chimapuma,” anatero.

Koma amayi anali ndi chitenje chija pamiyendo.

“Zonsezi ndaziona, mwanangu. Chifuwa changa wachisamala. Nanga mbewu yanga? Ikafumbwa ndidzala chiyani? Ya m'sitolo ija ufa wake suchedwa m'mimba, ndipo chaka chilichonse uzigulanso. Mbewu iyi amayi anga sanaitaye ngakhale chaka cha njala.”

Ndinakwera makwerero, amalume akuyang'ana kumbali, n'kuika dzanja pakamwa pa chumuni moto uli pakati. Sindinapse. Munkatuluka utsi wochepa, wofunda ngati mpweya wa ng'ombe. Ndili pamwamba pomwepo ndinkaona mpaka ku Kachulu, utsi wa owamba milamba ukukwera m'mbali mwa doko, ndipo ndinakumbukira mawaya amene amayalapo nsomba. Nsomba imakhala mu utsi, koma utsi umadutsa.

Nditatsika ndinawauza kuti ndimanga kanyumba pamwamba pa chumuni: tinsanamira ta njerwa, waya wa owamba nsomba pamwamba pake motalikirako, ndi kadenga ka lata koteteza mvula. Mbewu izikhala pawayapo, utsi uzidutsa m'mbali ndi pakati. Waya wina ndizunguliza kuopa makoswe.

“Utsi wako ndi wochepa,” anatero amayi.

“Tsiku limodzi pasabata muziponyamo masamba aawisi moto ukamatha. Utsi wake upita kumbewu, osati kwa inu.”

“Nanga kutentha sikupha mbewu? Iyi yakhala kale m'menemo moto ukuyaka.”

Pamenepo sindinadziwe, ndipo ndinawauza kuti sindikudziwa. Iwo anatonola timaso pang'ono pachisononkho chilichonse, anatikulunga m'kachiguduli konyowa n'kuika pansi pa mtsuko wa madzi. Anati tikamera, kanyumba kangako avomera. Tikapanda kumera, atenga mbewu yotsala kwa azakhali n'kukaipachika kukhitchini kwa amalume, ndipo chumuni ikhale ya utsi wokha. Njira zonse ziwiri chitofu chikhala. Mawu amenewo anawanena okha, amalume akumva.

M'mawa uno amalume abweradi monga analonjezera. Ndinawaona akutulukira kunjira ya kudambo atanyamula kanthu paphewa, ndinayesa ndi piki ija. Linali thumba la mbatata. Akuti amafuna aone ngati phulusa la chulu limaotcha bwino kuposa la mafuwa. Akhala pakabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu, mwera ukuwomba panja, akuwauza amayi kuti akazi awo nawonso maso amawawawa ndi utsi, ndipo njerwa zotsala pauvuni uja si zambiri koma zilipo. Sanandiyang'ane ponena zimenezi.

Masana ndikusesa ndinapeza kuseri kwa chitseko kulibe kanthu. Mafuwa aja amayi awatulutsa. Awiri atsamiritsa khola la nkhuku, limodzi aika pakhonde ponolera mpeni.

Mawa tikaweruka kutchalitchi ndibwereka njinga ya amalume ndipite ku Kachulu. Ndikafunsa waya kwa owamba nsomba, ndipo ndikadzera kwa Esinati ndikamuuze abwere ndi mwana adzagone kuno mphepo isanathe, aone kuti mkulu wake anabwera nacho chiyani ku Joni. Koma ndisananyamuke ndiyamba ndafunsa amayi kuti m'nyumba muno utsi unkagwiranso ntchito ina yanji.